Malawisaurus

Malawisaurus ndi mtundu wa dinosaur ya khosi lalitali imene inkakhala kudera limene lero ndi boma la Karonga, kumpoto kwa Malawi, zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Inkadya zomera, inkayenda ndi miyendo inayi, ndipo inali ndi mutu waung'ono ndi mchira wautali. Dzina lake lonse la sayansi ndi Malawisaurus dixeyi. Nyamayi ili m'gulu lalikulu lotchedwa Sauropoda, ndipo mkati mwa gululi ili m'nthambi ya Titanosauria, nthambi imene munatuluka nyama zolemera kuposa zonse zimene zinayendapo pamtunda.

Poyerekeza ndi abale ake ambiri, Malawisaurus inali yaing'ono. Komabe dzina lake silisowa pa kafukufuku wa ubale wa matitanosaur, ndipo zifukwa zake ndi ziwiri. Choyamba, ndi imodzi mwa matitanosaur ochepa amene mafupa awo a mutu anapezeka malo amodzi ndi mafupa a thupi. Chachiwiri, mafupa ake, makamaka a mchira ndi a kukamwa, ali ndi zizindikiro zina za masauropod akale komanso zina za matitanosaur a pambuyo pake. Ndi chifukwa chake akatswiri anaisankha kukhala chikhomo chosonyeza malire a gulu lotchedwa Lithostrotia.

Tanthauzo la dzina

Dzina lakuti Malawisaurus linapangidwa pophatikiza dzina la dziko la Malawi ndi mawu a Chigiriki akuti sauros, amene amatanthauza buluzi. Choncho dzinali limatanthauza "buluzi wa ku Malawi". Mawu akuti sauros amapezeka m'mayina a madinosaur ambiri, koma nyamazi sizinali abuluzi. Pa zamoyo zimene zilipo lero, mbalame ndi zimene zili pa ubale wapafupi kwambiri ndi madinosaur, kenako ng'ona. Dzina lachiwiri, dixeyi, linaperekedwa polemekeza Frank Dixey, Mngelezi wodziwa za miyala amene ankatsogolera ntchito yofufuza miyala ndi nthaka m'dziko la Nyasaland.

Mbiri ya kupezeka kwake

M'zaka za m'ma 1920, Dixey anayendera zigwa za kumpoto chakumadzulo kwa nyanja ya Malawi ndi kutolera mafupa akuluakulu osanduka mwala amene ankaonekera m'malo okokoloka ndi madzi. Mafupawo anawatumiza ku South Africa kwa katswiri wina dzina lake Sidney Haughton. M'chaka cha 1928, Haughton anafalitsa zimene anapeza ndipo nyamayo anaitcha Gigantosaurus dixeyi. M'chaka chomwecho Dixey analemba za miyala imene munali mafupawo ndi kuitcha Dinosaur Beds, dzina limene likugwirabe ntchito mpaka pano. Mafupa oyambawa anali ochepa, ndipo ena mwa iwo anali fupa la mchira ndi fupa la m'chiuno. Amasungidwa kunyumba yosungiramo zinthu zakale ya South African Museum mumzinda wa Cape Town.

Dzina lakuti Gigantosaurus linali ndi vuto. Haughton analitenga kwa katswiri wa ku Germany, Eberhard Fraas, amene mu 1908 anatchula motero mafupa a ku Tendaguru, kum'mwera chakum'mawa kwa dziko limene lero ndi Tanzania. Koma dzinali linali litaperekedwa kale mu 1869 kwa mafupa ena a ku England, ndipo lamulo la mayina a nyama silola kuti mitundu iwiri ikhale ndi dzina limodzi. Mafupa a ku Tendaguru aja anali atasinthidwa kale dzina mu 1911 kukhala Tornieria, ndipo kwa zaka zambiri nyama ya ku Karonga inkalembedwa m'mabuku pansi pa dzina limeneli, ngakhale kuti Tornieria yeniyeni ndi ya nthambi ina.

Zinthu zinasintha m'zaka za m'ma 1980 pamene Louis Jacobs wa pa yunivesite ya Southern Methodist mumzinda wa Dallas, ku America, anayamba kugwira ntchito limodzi ndi nthambi ya boma la Malawi yoona za zinthu zakale, ya Department of Antiquities. Kuyambira mu 1987 mpaka mu 1992, gululi linabwerera kangapo kudera la Mwakasyunguti, kum'mwera kwa tauni ya Karonga, ndi kukumba mafupa ambiri. Mafupa ofukulidwa chotere amakhala osachedwa kuphwanyika, choncho amayamba akutidwa ndi nsalu zoviika m'pulasitala asananyamulidwe. A ku Mwakasyunguti anatengedwa kupita ku Dallas kuti akachotsedwe miyala ndi kuyezedwa. Ndi katundu wa boma la Malawi, ndipo nambala ya fupa lililonse imayamba ndi zilembo zakuti Mal.

Mu 1993, Jacobs pamodzi ndi Dale Winkler, William Downs ndi Elizabeth Gomani anafalitsa zotsatira zawo m'magazini ya sayansi ya Palaeontology. Anaonetsa kuti nyamayi ndi titanosaur, ndipo anaipatsa dzina latsopano lakuti Malawisaurus. Gomani, Mmalawi amene pambuyo pake anadziwika ndi dzina lakuti Elizabeth Gomani Chindebvu, anapitiriza kufufuza mafupawa pa maphunziro ake a ukachenjede ku Dallas. Mu 2005 anafalitsa kafukufuku wofotokoza fupa lililonse mwatsatanetsatane, ndipo kafukufukuyu ndiye maziko a zambiri zimene zimadziwika za nyamayi.

Malo ndi nthawi imene inkakhala

Miyala ya Dinosaur Beds ndi yamchenga ndi dongo, yofiirira, ndipo inaunjikana chifukwa cha mitsinje yakale. Akatswiri amaiika m'nyengo yotchedwa Early Cretaceous, kutanthauza chigawo choyamba cha nyengo ya Cretaceous, chimene chinayamba zaka pafupifupi 145 miliyoni zapitazo ndi kutha zaka pafupifupi 100 miliyoni zapitazo. Pa nthawiyo nyanja ya Malawi kunalibe. Nyanjayi inapangika zaka mamiliyoni ochepa okha zapitazo, nthaka itang'ambika ndi kutsika m'chigwa chachikulu cha kum'mawa kwa Africa. Kung'ambika komweku, pamodzi ndi kukokoloka kwa nthaka, ndi kumene kunaonetsera kunja miyala yakale imene inali yokwiririka.

Pamene masauropod ankafalikira, Africa inali mbali ya chimtunda chimodzi chachikulu chakum'mwera chotchedwa Gondwana, pamodzi ndi South America, India, Madagascar, Australia ndi Antarctica. M'nthawi ya Malawisaurus chimtundachi chinali chikugawikana. Africa ndi South America zinamaliza kulekana zaka pafupifupi 100 miliyoni zapitazo. Ichi ndi chifukwa chake abale ambiri a Malawisaurus amapezeka ku Argentina ndi ku Brazil, maiko amene lero ali kutsidya kwa nyanja ya Atlantic.

M'miyala yomweyi munapezekanso nyama zina. Imodzi ndi Malawisuchus, kang'ona kakang'ono ka pamtunda kosakwana mita imodzi, kamene mano ake anali a mitundu yosiyanasiyana ngati a nyama zoyamwitsa. Gomani anakapatsa dzina mu 1997. Munapezekanso zigoba za akamba, mafupa a achule, ndi mano a madinosaur odya nyama.

Kapangidwe ka thupi

Kukula kwake

Mafupa a Malawisaurus sanachokere ku nyama imodzi yathunthu. Anachokera ku nyama zingapo za misinkhu yosiyana, choncho akatswiri amasiyana pa kuwerengera kukula kwake. Ena amati inkatalika mamita 11 kuchokera kumutu kufika kunsonga ya mchira, ena amati inkafika mamita 16. Pa kulemera kwake, ziwerengero zimayambira pa matani pafupifupi 3 mpaka 10. Njovu yaikulu yamphongo ya mu Africa imalemera matani pafupifupi 6. Koma abale ake a ku Argentina, monga Argentinosaurus ndi Patagotitan, ankapitirira mamita 30 ndipo ankalemera matani oposa 50.

Mutu ndi mano

Chigaza cha sauropod chinali chaching'ono, cha mafupa opyapyala, ndipo chinkaduka msanga pakhosi nyama ikafa. Ndi chifukwa chake matitanosaur ambiri amadziwika popanda mutu. Ku Mwakasyunguti kunapezeka fupa la kutsogolo kwa kamwa, nsagwada ya m'munsi, mano, mafupa ena a nkhope, ndi chibade chimene munkakhala ubongo.

Mafupawa amasonyeza kuti nkhope ya Malawisaurus inali yaifupi ndi yokwera, ndipo mabowo a mphuno anali aakulu. Mano ake sanali otambalala kwambiri ngati sipuni, monga a Camarasaurus ya ku America, komanso sanali owonda ngati pensulo, monga a matitanosaur a kumapeto kwa nyengo ya Cretaceous. Anali apakatikati. Komanso anayala mbali yaikulu ya nsagwada, pamene mwa matitanosaur a pambuyo pake mano anaunjikana kutsogolo kwa kamwa kokha. Monga masauropod onse, Malawisaurus inalibe mano otafunira. Inkapulula masamba ndi kumeza osatafuna, ndipo dzino likatha kapena kuthyoka, lina linkamera pansi pake.

Mu 2019, gulu lotsogoleredwa ndi Kate Andrzejewski, momwe munalinso Gomani Chindebvu ndi Jacobs, linaunika chibade chija ndi makina a CT, ofanana ndi amene amaunikira odwala kuchipatala. Pogwiritsa ntchito kompyuta, anajambula maonekedwe a ubongo ndi a mkati mwa khutu. Mkati mwa khutu muli timachubu titatu topindika timene timathandiza nyama kuti isadzandire ndiponso kuti izindikire mmene mutu ukutembenukira. Mwa Malawisaurus timachubuti tinali tapakatikati: sitinali tatikulu ngati ta masauropod akale, komanso sitinali tatifupi ngati ta matitanosaur a pambuyo pake.

Khosi ndi msana

Nyamalikiti ili ndi mafupa 7 okha m'khosi, chimodzimodzi munthu. Masauropod anali ndi mafupa a m'khosi 12 kapena kuposa, ndipo Mamenchisaurus ya ku China inkafika 19. Fupa lililonse linalinso lalitali. Khosi lotere likanakhala la mafupa olimba mkati monse, nyama sikanatha kulinyamula. Chimene chinkathandiza ndi mpweya. Masauropod anali ndi timatumba ta mpweya tolumikizana ndi mapapo, ngati timene tili m'thupi la nkhuku ndi mbalame zina, ndipo timatumbati tinkalowerera m'mafupa a khosi ndi a msana. Mwa masauropod monga Camarasaurus, mkati mwa fupa munali mphako zikuluzikulu zochepa. Mwa Malawisaurus ndi matitanosaur ena munali timabowo tambirimbiri tating'ono, ngati zisa za njuchi. Fupa lotere limakhala lopepuka koma lolimba.

Pamwamba pa fupa lililonse la msana pali chitsonga chimene pankagwira minofu ndi mitsempha. Mwa Diplodocus ndi Dicraeosaurus chitsongachi chinagawanika pawiri ngati phanda, koma mwa Malawisaurus ndi chimodzi chosagawanika. Pachiuno, mafupa 6 a msana anagwirana kukhala chinthu chimodzi, pamene masauropod ambiri a nthambi zina anali ndi 5. Mafupa a msana a Malawisaurus analibenso mfundo yoonjezera imene inkamanga fupa lina ndi linzake mwa masauropod akale. Kusowa kwa mfundoyi kunkachititsa kuti msana uzitha kupindika mosavuta.

Mchira

Mchira ndi umene umanena zambiri za ubale wa nyamayi. Fupa lililonse la mchira lili ndi thunthu looneka ngati kang'oma, ndipo pamwamba pake pali fupa lopindika ngati uta, lophimba njira ya mtsempha waukulu wochokera ku ubongo. Mwa masauropod ambiri, nkhope ziwiri za thunthuli, yakutsogolo ndi yakumbuyo, ndi zafulati kapena zolowa pang'ono. Mwa matitanosaur a pambuyo pake, nkhope yakutsogolo ndi yolowa ngati mtondo, ndipo yakumbuyo ndi yotundumuka ngati mutu wa munsi, moti fupa lililonse limalowa m'linzake lotsatira. Kapangidwe kameneka pa sayansi kamatchedwa procoelous. Katswiri wa ku England, Richard Lydekker, anaona kapangidweka pa mafupa a mchira a ku India pamene ankapereka dzina lakuti Titanosaurus mu 1877.

Mwa Saltasaurus ya ku Argentina ndi abale ake, pafupifupi mchira wonse uli ndi mafupa olowana chotere. Mwa Andesaurus, titanosaur ina ya ku Argentina imene ili pa tsinde la gululi, kulowanaku ndi kochepa kwambiri. Malawisaurus ili pakati. Mafupa ake a kutsinde kwa mchira ndi olowana kwambiri, koma a pakati ndi a kunsonga ali ndi nkhope zafulati ngati za masauropod akale. Akatswiri amaona zimenezi ngati umboni wakuti kulowanaku kunayambira pafupi ndi chiuno, kenako m'mibadwo yotsatira kunafalikira mchira wonse. Chizindikiro china n'chakuti fupa la uta lija lili chakutsogolo kwa thunthu, osati pakati, monga zimakhalira mwa matitanosaur ndi abale awo apafupi.

Chifuwa ndi miyendo

Miyendo ya masauropod inali yowongoka ngati mizati, mofanana ndi ya njovu, osati yotambalalira m'mbali ngati ya ng'ona. Matitanosaur anali ndi chifuwa ndi chiuno chotakata. Mwa Malawisaurus, mafupa awiri a pachifuwa ndi aakulu ndiponso opindika ngati mwezi wongooneka kumene, chizindikiro chodziwika cha gululi. Mapazi a matitanosaur amene anadindika m'matope akale m'maiko osiyanasiyana amasonyeza kuti phazi lamanja ndi lamanzere zinkaponda motalikirana, kusiyana ndi masauropod ena amene ankaponda pafupi ndi mzere wapakati.

Mafupa a m'khungu

Pamalo okumbidwa aja panapezekanso mafupa ozungulira amene sankalumikizana ndi fupa lina lililonse. Mafupawa ankamera m'khungu, ngati amene ali pamsana pa ng'ona, ndipo pa sayansi amatchedwa osteoderm. Akatswiri anatsimikiza kuti matitanosaur ena anali nawo mu 1980, pamene José Bonaparte ndi Jaime Powell anafotokoza za Saltasaurus. Poyamba ankaganiziridwa kuti anali chishango chokha. Koma mu 2011, Kristina Curry Rogers ndi anzake anaunika fupa la m'khungu la Rapetosaurus ya ku Madagascar ndi kupeza kuti mkati mwake munali mphako yaikulu. Iwo anati mafupawa ayenera kuti analinso nkhokwe ya mchere wa calcium, umene thupi linkatapamo nthawi ya chilala kapena yoikira mazira.

Ubale wake ndi masauropod ena

Mmene ubale umadziwikira

M'mafupa a zaka mamiliyoni ochuluka chonchi simutsala DNA, choncho ubale wa madinosaur umadziwika poyerekeza mafupa. Akatswiri amalemba mndandanda wa zizindikiro mazanamazana, monga kuchuluka kwa mafupa a pachiuno kapena maonekedwe a dzino, ndi kuona kuti nyama iliyonse ili ndi ziti. Kenako kompyuta imafufuza mtengo wa ubale umene ukugwirizana bwino ndi zizindikirozo. Chofunika kwambiri ndi zizindikiro zatsopano zimene nyama zingapo zinatengera kwa kholo limodzi. Kungofanana sikokwanira, chifukwa nyama za nthambi zosiyana zikhoza kufanana ngati zinkadya kapena kuyenda mofanana.

Magulu amene Malawisaurus ilimo, kuyambira lalikulu kufika laling'ono, ndi awa:

- Dinosauria: madinosaur onse, kuphatikizapo mbalame.
- Sauropodomorpha: masauropod ndi makolo awo, amene ambiri ankayenda ndi miyendo iwiri.
- Sauropoda: a khosi lalitali oyenda ndi miyendo inayi. Dzinali linaperekedwa ndi Othniel Marsh mu 1878.
- Neosauropoda: gulu limene linagawanika kukhala Diplodocoidea ndi Macronaria.
- Macronaria: a mabowo a mphuno aakulu, monga Camarasaurus.
- Titanosauriformes: Brachiosaurus, Giraffatitan, matitanosaur ndi abale awo.
- Somphospondyli: a mafupa a msana a timabowo tambirimbiri.
- Titanosauria: Andesaurus ndi matitanosaur ena onse.
- Lithostrotia: Malawisaurus, Saltasaurus ndi ena ambiri.

Makolo a masauropod

Mbali ina ya chiyambi cha mtengowu inapezeka kum'mwera kwa Africa. Mu 2022 akatswiri analengeza za Mbiresaurus, kanyama kosakwana mamita awiri ka m'boma la Mbire ku Zimbabwe, ka zaka pafupifupi 230 miliyoni zapitazo. Kankayenda ndi miyendo iwiri ndipo ndi ka m'gulu la Sauropodomorpha. Massospondylus, imene imapezeka ku South Africa, Lesotho ndi Zimbabwe, inali yokulirapo ndipo khosi lake linali litayamba kutalika. Vulcanodon, imene inapezeka pachilumba china cha m'nyanja ya Kariba mu 1969 ndi kufotokozedwa ndi Michael Raath mu 1972, ndi imodzi mwa masauropod oyambirira, ndipo inkayenda kale ndi miyendo inayi yowongoka.

Nkhani ya mano owonda

Kwa zaka zambiri akatswiri, kuphatikizapo Werner Janensch wa ku Germany amene anakumba ku Tendaguru, ankagawa masauropod pawiri potengera mano: a mano otambalala ndi a mano owonda. Popeza matitanosaur amene ankadziwika anali ndi mano owonda ngati a Diplodocus, ankaikidwa pafupi ndi Diplodocus, ndipo pa zithunzi ankajambulidwa ndi mutu wonga wake. Nemegtosaurus ya ku Mongolia, imene inkadziwika ndi chigaza chokha, inkatengedwa ngati mbale wa Diplodocus.

M'zaka za m'ma 1990 maganizowa anagwa. Kafukufuku wa Leonardo Salgado, Rodolfo Coria ndi Jorge Calvo mu 1997, komanso wa Jeffrey Wilson ndi Paul Sereno mu 1998, anasonyeza kuti mafupa a msana, chiuno ndi miyendo ya matitanosaur amagwirizana ndi a Brachiosaurus, osati a Diplodocus. Malawisaurus inagwirizana ndi mfundoyi, chifukwa inali ndi mchira wa titanosaur koma nkhope yaifupi ndi mano osawonda kwenikweni. Zimenezi zinasonyeza kuti matitanosaur oyambirira analibe mutu wonga wa Diplodocus. Mu 2001 kunalengezedwa Rapetosaurus, imene inapezeka ndi chigaza chachitali cha mano owonda pamodzi ndi thupi la titanosaur, ndipo zinadziwika kuti Nemegtosaurus nayonso ndi titanosaur. Lero akatswiri amavomereza kuti mano owonda anayamba kawiri mosadalirana, kamodzi mwa Diplodocoidea ndipo kenako mwa matitanosaur.

Lithostrotia

Mu 2004, Paul Upchurch, Paul Barrett ndi Peter Dodson anakhazikitsa gulu la Lithostrotia. Dzinali ndi la Chigiriki ndipo limatanthauza chinthu choyalidwa miyala, potengera mafupa a m'khungu aja. Iwo anati gululi ndi kholo lomaliza la Malawisaurus ndi Saltasaurus pamodzi ndi zidzukulu zake zonse. Tanthauzo lake n'lakuti titanosaur yatsopano ikapezeka kulikonse padziko, kuti idziwike ngati ili mkati kapena kunja kwa Lithostrotia, amaiyerekeza ndi nyama ya ku Karonga. Zikutanthauzanso kuti kafukufuku wina akasuntha Malawisaurus pa mtengo wa ubale, malire a gulu lonse amasuntha nayo. Kafukufuku wambiri amaiika pafupi ndi tsinde la matitanosaur, pamwamba pa Andesaurus.

Abale ake a mu Africa

M'kafukufuku wake wa 2005, Gomani anafotokozanso sauropod yachiwiri ya m'miyala ya Dinosaur Beds ndi kuitcha Karongasaurus gittelmani. Imadziwika ndi chidutswa cha nsagwada ya m'munsi ndi mano okha. Nsagwadayo ndi yopyapyala kuposa ya Malawisaurus ndipo mano ake ndi owonda. Izi zikusonyeza kuti kudera limodzi kunkakhala masauropod awiri a kamwa losiyana, amene ayenera kuti ankadyanso zomera zosiyana. Kafukufukuyu anatuluka m'magazini ya pa intaneti ya Palaeontologia Electronica.

Kumpoto kwa Karonga, kutsidya kwa malire, m'chigwa cha Rukwa ku Tanzania, Eric Gorscak, Patrick O'Connor ndi anzawo anapeza matitanosaur atatu: Rukwatitan mu 2014, Shingopana mu 2017 ndi Mnyamawamtuka mu 2019, zaka zimenezi pokhala zimene mayinawo analengezedwa. Dzina lakuti Mnyamawamtuka ndi la Chiswahili ndipo limatanthauza nyama ya ku mtsinje wa Mtuka. Ofufuzawo anapeza kuti mafupa ake ena amafanana ndi a Malawisaurus, ndipo anaiika nayonso pafupi ndi tsinde la Lithostrotia. Shingopana inaoneka kuti ili pafupi ndi matitanosaur ena a ku South America, pamene Mansourasaurus ya ku Egypt, yolengezedwa mu 2018, ili pafupi ndi a ku Ulaya ndi Asia. Choncho matitanosaur a mu Africa sanali banja limodzi lodzipatula. Anali a nthambi zingapo, ndipo ubale wawo umatsatira mmene zigawo za Gondwana zinkalumikizirana ndi kulekana.

Masauropod otchuka a ku Tendaguru, amene Ajeremani anakumba kuyambira 1909 mpaka 1913, ndi akale kuposa Malawisaurus. Ndi a nyengo ya Jurassic, zaka pafupifupi 150 miliyoni zapitazo. Mwa iwo muli Giraffatitan, imene mafupa ake anaimikidwa mumzinda wa Berlin ndipo ndi otalika mamita 13 kupita m'mwamba.

Moyo wake

Zambiri za moyo wa Malawisaurus zimadziwika poona abale ake. Khosi lalitali linkathandiza sauropod kudya masamba a malo aakulu itangoima pamodzi. Popeza sinkataya nthawi ndi kutafuna, inkameza chakudya chambiri pa tsiku, ndipo chakudyacho chinkagayika pang'onopang'ono m'mimba yake yaikulu. Matitanosaur ankaikira mazira. Pamalo otchedwa Auca Mahuevo ku Argentina, mu 1997 panapezeka mazira awo masauzande ambiri, ozungulira, a masentimita pafupifupi 15, ndipo mwa ena munali mafupa ndi zidindo za khungu la tiana tosaswedwa. Ana ankaswedwa ali aang'ono kwambiri ndipo ankakula mofulumira. Matitanosaur ndiwo masauropod omaliza. Anatha pamodzi ndi madinosaur ena onse, kupatula mbalame, zaka 66 miliyoni zapitazo.

Malawisaurus masiku ano

Chifaniziro cha mafupa onse a Malawisaurus chinaimikidwa m'nyumba ya Cultural and Museum Centre Karonga, imene inatsegulidwa mu 2004. Chifanizirochi chinaumbidwa potengera mafupa enieni, ndipo mbali zimene sizinapezeke zinadzazidwa poyerekeza ndi abale ake. M'nyumba yomweyi muli mbiri ya nsagwada ya munthu wakale wa mtundu wa Homo rudolfensis, imene inapezeka ku Uraha, m'boma lomweli, mu 1991. Nsagwadayi ndi ya zaka pafupifupi 2.4 miliyoni zapitazo, kutanthauza kuti pakati pa Malawisaurus ndi anthu oyambirira panadutsa zaka zoposa 100 miliyoni. Ku Karonga kulinso wailesi ya m'dera yotchedwa Radio Dinosaur.

Mafupa a m'miyala ya Dinosaur Beds amaonekera mvula ikakokolola nthaka, ndipo akakhala pamtunda nyengo zingapo amasweka ndi kutha. Lamulo la Monuments and Relics Act limateteza zinthu zakale zotere, ndipo sililola kuzikumba kapena kuzitulutsa m'dziko popanda chilolezo cha boma. Fupa likachotsedwa pamalo pake popanda kulemba pamene linali ndi mtundu wa mwala umene linalimo, akatswiri sangathenso kudziwa zaka zake, kapena kutsimikiza ngati ndi la Malawisaurus, la Karongasaurus kapena la nyama ina.